Huva Ikaleka Kukoka Fumbi, Musafulumire Kuitaya

Makina oyamwa fumbi, amene ambiri a ife timangowachula kuti huva, salinso a m'mahotela ndi m'maofesi a ku Lusaka okha. Alowa m'nyumba za aphunzitsi, za alimi amene anagulitsa bwino soya kapena fodya, ndiponso m'machalichi momwe akristu anasonkha ndalama nayala kapeti kuguwa. Ena anagulidwa atsopano m'sitolo, ena ndi a salaula, ena anatumizidwa ndi ana amene ali ku Joni kapena ku Mangalande. Koma dandaulo limene timamva ndi limodzi: makina akulira monga kale, koma zinyalala akuzisiya pansi. Zikatero huva imakankhidwira kuseri kwa citseko, tsache limabwerera pa nchito, ndipo a komiti amayamba kukambirana zosonkhanso ndalama.

Ife tikuti yambani mwadikira. Kawirikawiri huva imene anthu amati yafa imakhala kuti mota wake ali bwinobwino. Cimene catsekeka ndi njira ya mpweya.

M'kati mwa makinawa muli mota amene amazunguza fani. Faniyo imakankhira mpweya kunja, cotero mpweya wina umathamangira kulowa kukamwa kwa huva utanyamula fumbi. Umadutsa m'paipi, umasiya zinyalala m'thumba kapena m'kabokosi, umapyola m'sefa, kenaka umatuluka. Mlimi amene amathirira dimba ndi pampu adziwa kale nkhaniyi: kukamwa kwa paipi kukadzala matope, madzi sabwera ngakhale injini ilire cotani. Koma pa huva pali cina coopsa. M'mahuva ambiri a m'nyumba, mpweya womwewo ndiwo umaziziritsa mota. Njira ikatsekeka mota amatentha, ndipo munthu akapitiriza kukakamiza amamuwocha ndithu. Comwe cimapusitsa anthu n'cakuti huva yotsekeka imalira mokweza kuposa masiku onse, cifukwa fani ikuzungulira yopanda katundu. Wosadziwa amati makina ali ndi mphamvu lero, pamene akulira kupempha thandizo.

Musanakhudze ciriconse, zulani pulagi pakhoma. Kenaka yambani ndi thumba. Musayembekeze kuti lifufume ngati saka ya thonje; likafika magawo awiri mwa atatu, lasowa kale malo opumira. Ndipo kuno kwathu thumba lingatsekeke lisanafike ndi pakati pomwe. Fumbi la m'cilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, ndi losalala ngati ufa woyera. Onjezani mungu umene umauluka potonola cimanga, phulusa, ndi simenti ngati pakhomo pakumangidwa. Zonsezi zimamata timabowo ta thumba ngati mmene munthu amazirira nyumba. Mukalikweza likhala lopepuka, koma mpweya sukudutsa. Thumba la pepala silinapangidwe kuti lizikhuthulidwa ndi kubwezeredwa, ngakhale tidziwa kuti ambiri amatero cifukwa matumba atsopano savuta kusowa ku Katete kapena ku Lundazi. Ngati huva yanu ili ndi mtundu wa thumba la nsalu, gulani limenelo: limakung'unthidwa panja, kutali ndi ana, ndi kugwiranso nchito. Huva yopanda thumba ili ndi mzere pa kabokosi kake, zinyalala zisaupitirire.

Sefa ndiyo imene anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti iliko. Nthawi zambiri zimakhala ziwiri, ina patsogolo pa mota, ina potulukira mpweya. Ya siponji imacapidwa ndi madzi ozizira, popanda sopo, ndipo iyenera kuuma tsiku lathunthu, maola 24, isanabwezedwe. Apa ndi pamene amai amene amasesa m'chalichi pa Ciweru angalakwitse: kucapa sefa m'mawa, kuibweza idakali yonyowa masana kuti kapeti ikhale yoyera pa Sondo. Cinyezi cimeneco cimapita kwa mota, ndipo fumbi likakumana ndi madzi limasanduka thope m'sefamo. Capani pa Cinai. Sefa ya pepala lopindapinda isaone madzi pokhapokha ngati yalembedwa kuti ingacapidwe. Ingoigogodani pang'ono, ikada kwambiri gulani ina. Kucotseratu sefa kuti huva ikoke mwamphamvu ndi nzeru ya tsiku limodzi, cifukwa mcenga umalowa m'mota.

Thumba ndi sefa zikakhala bwino koma vuto lilipobe, onani paipi. Icotseni ku makina, muiimike, mugwetseremo ndalama yacitsulo. Ikapanda kutulukira kunsi, ndiye kuti muli cinthu: sokosi ya mwana, cisononkho, pepala la switi kapena kamtengo ka machesi kamene kapingasa n'kuyamba kukola tsitsi. Kankhani pang'onopang'ono ndi mtengo wa tsache, osati waya wosongoka umene ungaboole paipi. Paipi yong'ambika nayonso imaba mphamvu. Yatsani makina, yendetsani dzanja m'mbali mwake kufuna pamene mpweya ukulowera, mumangepo tepi. Onaninso pa cogwirira. Mahuva ambiri ali ndi kacitseko kakang'ono kocepetsera mphamvu poyeretsa makatani, ndipo kakasiyidwa kotsegula makina amaoneka ofooka popanda cowonongeka ciriconse.

Kumutu kwa huva, makamaka ija yoimirira, kuli burashi yozungulira imene imapuntha kapeti kuti fumbi lidzuke. Adani ake ndi tsitsi, makamaka loikirira lija la m'masaluni, ulusi wa citenje ndi tizingwe ta masaka a feteleza. Zimakulungika mpaka burashi kuima. Dulani ndi sizasi motsatira utali wa burashi, musolole. Mukamva fungo la mphira wopserera, ndiye kuti lamba amene amazunguza burashi akutereka kapena waduka. Lamba ndi kanthu kocipa, ndipo amasinthidwa pomasula zomangira zocepa. Nyamulani wakaleyo popita kukagula kuti akupatseni wofanana.

Kwa alimi tili ndi cenjezo lapadera. Mankhwala a ufa otetezera cimanga ku anankafumbwe akatayika pansi, musawakoke ndi huva. Sefa wamba siigwira ufa wonse, cotero wina umatulukira kumbuyo n'kudzaza cipinda, inu ndi ana n'kumaupuma. Cimodzimodzi zitosi za makoswe m'nyumba yosungiramo mbeu: a zaumoyo amalangiza kuzinyowetsa ndi mankhwala opha tizirombo ndi kuzipukuta, osati kuziulutsa. Madzi ndi makala a pa mbaula amene sanazimiretu, zimenezo musayese n'komwe. Ndipo mukakoka njere za cimanga kapena mpunga, khuthulani tsiku lomwelo, kuopa kuweta tizirombo m'thumba.

Ogulitsa amakonda kuloza nambala yaikulu ya mawati yolembedwa pa makina. Nambalayo ikunena magetsi amene huva imadya, osati fumbi limene imakoka. Maiko a bungwe la European Union analetsa kugulitsa mahuva atsopano a m'nyumba opitirira mawati 1,600 mu 2014, ndipo mu 2017 anatsitsa malirewo kufika pa 900, koma nyumba zao sizinaleke kuyera. Nambala imene muyenera kuyang'ana pa huva ya salaula ndi ina. Magetsi a kuno ndi a 230 volts, pamene a ku America ndi a 120 ndipo a ku Japan ndi a 100. Huva yocokera ku maiko awiriwa ikalumikizidwa pakhoma pathu imapsa nthawi yomweyo, ngakhale mutasintha pulagi. Amene munaika sola pa nthawi ya kuzima kwa magetsi kwa 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba, kumbukirani kuti invata yaing'ono ya malaiti ndi wailesi siingathe kudzutsa mota wa mawati 1,400.

Huva ikazima yokha pakati pa nchito, musathamangire kunena kuti yapsa. Yambiri ili ndi kacipangizo kodula magetsi mota akatentha. Izuleni pakhoma, cotsani cimene catseka njira, muisiye izizire kwa ola limodzi. Ikakana kuyaka ngakhale itazizira, yesani fyuzi ya m'pulagi ndi kuyang'ana nthambo ngati makoswe sanaidye.

Kwa wokonza zamagetsi muyenera kupita pamene mukuona moto ukuthetheka m'kati, pamene makina akununkha ngati waya wopsa, kapena akulira mokhwekhwereza. Ngakhale apo, funsani coyamba za timakala tiwiri timene timakhudza mota, amene amisiri amati ma carbon brush. Timatha ndi nchito monga cidendene ca nsapato, ndipo m'mamota ambiri timasinthika pa mtengo wocepa kwambiri poyerekeza ndi mota watsopano. Msungicuma wa parishi apemphe kuti tizitsulo takale tonse tocotsedwa tibwere pamodzi ndi lisiti.