KUPWETEKA KWA M'MPHECEPECE KWA ANTHU OTHAMANGA

Munthu wodzuka m'bandakuca m'Roma, mu Lusaka, amaona anthu ali kuthamanga mu mseu wa Zambezi, ena kulunjika ku Great East Road ndi ku mabwalo a University of Zambia. Pakati pao pali aphunzitsi, makalaliki, asilikali ndi anyamata a mpira. Liwiro si cinthu cacilendo m'dziko lino. M'caka ca 1958 Yotam Muleya anapambana Gordon Pirie wa ku Britain pa mpikisano wa mamailosi 3 ku Salisbury, ndipo m'caka ca 1991 Samuel Matete wa ku Chingola anaposa anzace onse a m'dziko lapansi ku Tokyo. Komatu pali bvuto limodzi limene laleketsa othamanga ambiri, ndipo ambiri amalibisa cifukwa ca manyazi. Bvutolo ndilo kupweteka kwa m'mphecepece kumene sikutha.

Kawirikawiri kumayamba pang'onopang'ono. Munthu amamva kuwawa poyamba kuthamanga, thupi likafunda kumaleka, madzulo n'kubweranso. Pakapita masabata amakumva potsokomola, potembenuka pakama ndi potsika m'basi. Tsono amapumula masabata awiri, adzola mankhwala otentha, amwa mapiritsi, kapena apita kukatemetsa mphini. Kupweteka kukazirala abwerera kumseu, ndipo pa tsiku lacitatu kwayambanso. Ena amazungulira cotero caka cathunthu.

Cifukwa cace cili m'mapangidwe a thupi. Minofu ya m'kati mwa nchafu, imene imakokera mwendo kwa unzace, inamangika pa fupa la cinena. Minofu ya pamimba inamangikanso pa fupa lomwelo kucokera kumwamba. Munthu akamathamanga, thupi lonse limatsamira mwendo umodzi pa phazi liri lonse, ndipo minofu iwiriyi imakokana monga anthu olimbirana cingwe. Akaonjeza mtunda kapena liwiro mwadzidzidzi, malo omangikawo amaperepeseka msanga koposa m'mene thupi lingawakonzere. Kupumula kumacotsa ululu, koma kumafoketsanso mnofu. Ndico cifukwa cace wopumula cabe amabwerera kumseu ali wofoka koposa kale.

Ncinthu coyamba kudziwa ciwalo cimene capweteka, pakuti m'mphecepece muli zambiri. M'caka ca 2014 akatswiri 24 anasonkhana ku Doha, m'dziko la Qatar, nagwirizana za mitundu ya nthendayi. Pali ya minofu ya m'kati mwa nchafu, imene ipezeka kawirikawiri. Ya mnofu wonyamula bondo, umene upita kutsogolo kwa ciuno. Ya malo ofewa a m'munsi mwa mimba, pamene pamatulukira hernia. Ndi ya fupa la cinena lenileni. Kupatula izi, ululu ungacokere mu mfundo ya nyung'unyu, kumsana, kapena ku nthenda zina zosakhudzana ndi kuthamanga.

Wokhala m'Roma ayambe ku kiliniki ya kufupi, kumene angapatsidwe kalata yopita nayo ku cipatala ca Levy Mwanawasa pa Great East Road kapena ku University Teaching Hospital. Dotolo amayamba ndi mafunso: kunayamba liti, kumamveka pati, mtunda unaonjezedwa motani. Kenaka amasindikiza ndi cala malo osiyanasiyana, aika cibakera cace pakati pa maondo a wodwala namuuza kuti apane, amuuza kuti anyamule bondo iye atalikanikiza, amutsokomoletsa ataimirira, ndipo apotoza mwendo kuti amve za nyung'unyu. Ngati kupana cibakera kudzutsa ululu womwe uja, ndipo mnofu uwawa pomwe unamangika, ndiye kuti nthenda iri m'minofu ya nchafu. Wodwala asacite manyazi kuloza malo enieni, pakuti kuloza pamimba pamene cowawa ciri pa cinena ndiko kusokeretsa womuthandiza. Zithunzi za X-ray, sikani ndi MRI zimathandiza, koma sizilowa m'malo mwa manja a dotolo, popeza zimaonetsa zipsera ngakhale mwa othamanga osamva kuwawa konse.

Pali ngozi imodzi imene dotolo amafuna kuitsimikiza msanga kuti palibe. Fupa la nchafu liri ndi khosi lopyapyala kumtunda kwace, ndipo mwa othamanga mitunda yaitali khosilo lingacite mng'alu. Zizindikiro zace ndi ululu wa m'kati umene ukula pa ulendo uli wonse, kulephera kudumpha ndi mwendo umodzi, ndi kuwawa usiku. Mng'aluwo umapezeka makamaka mwa odya mopereweza ndi mwa akazi othamanga amene analeka kusamba kumwezi. M'masabata oyamba X-ray ingaonetse fupa labwinobwino. MRI ndiyo iupeza. Wotere aleke kuthamanga tsiku lomwelo nayende ndi ndodo za kucipatala, pakuti khosilo likathyoka mutu wa fupa ungafe posowa magazi, ndipo munthu angatsimphine moyo wace wonse.

Zinanso zosayenera kudikira ndi izi: cotupa ca m'mphecepece cimene cauma, cikana kubwerera, ndipo munthu ali kusanza, kupweteka kwadzidzidzi kwa macende, mwanabele wodza ndi kutentha thupi, ndi magazi mu mkodzo. Amuna a m'migodi ndi onse onyamula zolemera asamale makamaka za cotupa cotuluka potsokomola, pakuti hernia siicira ndi mankhwala odzola. Mankhwala ace ndi opaleshoni.

Ngozi zimenezi zikapezeka kuti palibe, mankhwala a minofu ya nchafu ndiwo odabwitsa ambiri: kuigwiritsa nchito. M'caka ca 1999 dotolo wa ku Copenhagen, Per Hölmich, anaonetsa zimenezi poyesa anthu a masewera odwala nthendayi kwa miyezi yambiri. Gulu limodzi linathandizidwa ndi kusisita, makina ndi kuongola minofu. Gulu lina linaphunzitsidwa kulimbitsa minofu kwa masabata 8 kufikira 12. M'gulu lolimbitsa, anthu 23 anabwerera ku masewera ao opanda ululu. M'gulu lina anabwerera anthu 4 okha.

Nchito imeneyi imatsogozedwa ndi physiotherapist, ndiye wophunzira za kubwezera mphamvu m'ziwalo, ndipo zipangizo zace nzosabvuta kupeza. Poyamba wodwala amagona cagada napana mpira pakati pa maondo kwa masekondi 30, kubwereza kakhumi. Pambuyo pace amaphunzira kuima ndi mwendo umodzi, kulimbitsa mimba ndi matako, ndi kukoka mphira yomangidwa pa kakolo. Kuwawa pang'ono pocita izi si koopsa. Koma kukakula, kapena kukakhalapobe m'mawa mwace, ndiye kuti katundu wacuruka, ndipo ayenera kucepetsedwa. Kupalasa njinga kumasunga mpweya m'masabata amenewa. Kuthamanga kumabwerera pambuyo: coyamba pang'onopang'ono pa malo osalala, mosinthana ndi kuyenda, ndipo liwiro ndi zitunda potsiriza. Kawirikawiri ulendo wonse umatenga miyezi 4 kapena kuposerapo.

Mapiritsi monga ibuprofen ndi diclofenac amaziziritsa ululu kwa masiku owerengeka, koma kuwamwa miyezi kumaononga cifu ndi impso, ndipo kumabisa cenjezo la thupi. Nyereti ya dotolo nayonso imangopatsa mpumulo wa kanthawi. Za opaleshoni zimaganizidwa pamene malo ofewa a m'munsi mwa mimba akana kucira pambuyo pa miyezi ya kulimbitsa.

Wocira asataye mpira ndi mphira zija. Ku Norway anapeza, m'caka ca 2019, kuti osewera mpira amene analimbitsa minofu ya m'kati mwa nchafu sabata ndi sabata anacepetsa mabvuto a m'mphecepece ndi magawo 41 pa 100. Mphindi khumi kawiri pa sabata, kufunditsa thupi bwino m'mamawa ozizira a June ndi July, ndi kuonjeza mtunda pang'onopang'ono, ndizo zimasunga munthu pa mseu wa Zambezi zaka zambiri. Akuluakulu anati m'mphecepece mwa njovu sapitamo kawiri; amene anataya caka ndi nthendayi adziwa kuti mauwo ngoona.