Mbendera Pansi pa Ayezi: Gawo Lachiwiri

Kutacha pa 2 Ogasiti 2007, ngakhale kuti kumeneko nyengo imeneyi dzuwa sililowa n'komwe, sitima ziwiri za Russia zinali zitaima pa North Pole penipeni. Ya Rossiya, yoyendera mphamvu ya nyukiliya, ndiyo inkaswa ayezi kutsogolo. Ya Akademik Fedorov inkatsatira m'mkwasa, itasenza tisitima tiwiri tomira pansi pa nyanja, Mir-1 ndi Mir-2. Anapeza dziwe pakati pa ayeziyo. Khomo lolowera linali limeneli, lotulukira linalinso lomweli.

Mu Mir-1 munalowa anthu atatu: Anatoly Sagalevich pa chiwongolero, Vladimir Gruzdev, ndi mtsogoleri wa ulendowo Artur Chilingarov, mkulu wa zaka 67 yemwe analinso wachiwiri kwa sipikala wa nyumba ya malamulo ya Russia. Chipinda cha kasitimako n'chozungulira ngati mpira, mamita awiri ndi pang'ono m'mimba mwake. Amuna atatu akuluakulu, mawondo kugundana, mawindo atatu ang'onoang'ono. Tisitimati tinapangidwa ku Finland mu 1987 ndipo tinali titafikako kale kumene kunagona sitima ya Titanic. Kuya sikunali kwachilendo. Chachilendo chinali denga la ayezi.

Chivindikiro chinatsekedwa. Madzi obiriwira anasanduka akuda bii, ndipo anayamba kutsika.

Kodi munthu wolemekezeka chonchi ankafunanji kumdima kumeneku? Nkhani yake ndi ya malire. Pangano la United Nations la malamulo a panyanja, la mu 1982, limapatsa dziko chuma cha m'nyanja mpaka mamailosi a panyanja 200 kuchokera kugombe. Kupitirira pamenepo, dziko liyenera kusonyeza kuti nthaka ya pansi pa nyanjayo ndi yolumikizana ndi mtunda wake. Tsono pansi pa nyanja ya Arctic pali mtandadza wa mapiri wotchedwa Lomonosov Ridge, wochokera kufupi ndi Siberia kukafika kufupi ndi Greenland ndi Canada. Russia imati mapiriwo ndi mchira wa Siberia. Denmark, kudzera mwa Greenland, imaona mchira womwewo kuchokera kumbali kwake. Canada nayonso chimodzimodzi. Pansi pake akuganizira kuti pali mafuta ndi gasi, ndipo ayezi amene ankazitchinga akunka nasungunuka.

Russia inali itapereka kale pempho lake mu 2001. Chaka chotsatira akatswiri a komiti yoona za nkhaniyi ku New York analibweza, nati bweretsani umboni wina. Umboni wake ndi miyala, matope ndi miyeso ya pansi pa nyanja. Mbendera siwerengedwa. Kukhoma chikhomo m'munda wa mkangano mfumu isanagamule sikupatsa munthu munda, koma mudzi wonse umadziwa kuti mwiniwake wa chikhomocho sakuseka. Chilingarov ankazidziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake anatenga zonse ziwiri, zotapira matope ndi mbendera.

Patapita maola angapo, magetsi a Mir-1 anaunika nthaka yachikasu. Anali pa mamita 4,261. Palibe munthu amene anafikapo pamenepa chilengedwere dziko. Mir-2 inkatsatira, woyendetsa wake Yevgeny Chernyaev atanyamula alendo awiri, Mike McDowell wa ku Australia ndi Frederik Paulsen wa ku Sweden. Izinso n'zoseketsa pang'ono: ulendo wonenetsa kuti malo ano ndi a Russia unali ndi mboni zochokera kunja.

Mkono wachitsulo wa Mir-1 unatambasuka pang'onopang'ono, unatapa matope, kenako unagwira mbendera ya titanium, chitsulo chosachita dzimbiri, n'kuizika m'nthakamo. Yoyera, yabuluu ndi yofiira. Kamera inajambula. Chithunzi chimenechi n'chomwe chinadzakwiyitsa nduna ya zakunja ya Canada, Peter MacKay, mpaka kukumbutsa Russia kuti nthawi yolanda malo pozika mbendera inatha kalekale. Koma zimenezo zinali za m'tsogolo. Tsopano ntchito inali itatha, kunatsala n'kubwerera.

Apa m'pamene panagona vuto. Ayezi wa ku Arctic sakhala malo amodzi, amayenda ndi mphepo ndi mafunde. Maola onse amene anthuwa anali pansi, dziwe lija linali likusuntha pamodzi ndi sitima zawo. Ndipo Mir ilibe mphamvu yoboola ayezi kuchokera pansi. Ikaphonya dziwelo, palibe khomo lina, ndipo mpweya ndi mabatire zili ndi malire ake.

Anayamba kukwera. Mamita 3,000. Mamita 1,000. Mdima unayamba kuyera, madzi n'kubwerera kubiriwira kwake. Sagalevich anafunafuna kuwala kwa dziwe lija.

Pamwamba pawo panali ayezi yekhayekha.

Itsatira.