Msonkhano wa ku Nicaea ndi Nkhani ya Mneneri Isa (AS): Chidule cha Khutba

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake Muhammad (SAW).

Abale ndi alongo m'Chisilamu, khutba ya Lachisanu lapitali inakhudza nkhani imene achinyamata athu amakonda kuitchula akamatsutsana ndi anzawo a Chikhristu kumsika kapena padoko: msonkhano wa ku Nicaea. Dzinali ambiri tikulidziwa, koma zochitika zake timazisakaniza ndi mphekesera, pomwe Msilamu saloledwa kuteteza choonadi ndi bodza.

Mkanganowu unabuka mumzinda wa Alexandria ku Egypt cha m'ma 318. Wansembe wina dzina lake Arius ankaphunzitsa kuti Mulungu yekha ndiye wopanda chiyambi, ndipo amene Akhristu amamutcha Mwana anachita kulengedwa. Bishopu wake, Alexander, anamutsutsa, nati Mwana ndi wamuyaya monga Atate. Mipingo inagawikana kwambiri moti mfumu ya Aroma, Constantine, poopa kuti ufumu wake ungang'ambike, inasonkhanitsa mabishopu pafupifupi 300 m'chaka cha 325 ku Nicaea, kumene lero ndi tauni ya Iznik m'dziko la Turkey. Kumeneko anagwirizana pa liwu la Chigiriki lakuti homoousios, kutanthauza kuti Mwana ndi Atate ali ndi umulungu umodzimodzi. Mabishopu awiri a ku Libya, Secundus ndi Theonas, anakana kusayina, ndipo anapirikitsidwa pamodzi ndi Arius. Mfumu inalamulanso kuti zolemba za Arius zitenthedwe.

Komatu mlandu sunathere pomwepo. Athanasius, amene analowa ubishopu wa Alexandria mu 328 nakhala mtetezi wamkulu wa chigamulocho, anathamangitsidwa pampando wake kasanu. Constantine mwiniyo anabatizidwa mu 337, ali pafupi kumwalira, ndi Eusebius wa ku Nicomedia, amene anali kumbali ya Arius. Chiphunzitso cha Utatu chinakhazikika pa msonkhano wa ku Constantinople mu 381, ngakhale kuti mafumu a mtundu wa Visigoth ku Spain anachilandira mochedwa, mu 589.

Apa pali zolakwa ziwiri zimene timazimva kawirikawiri pakati pathu. Ena amati ku Nicaea n'kumene anasankha mabuku a m'Baibulo n'kutaya ena. Zimenezi sizoona: nkhani zazikulu kumeneko zinali za Arius, tsiku la Pasaka ndi malamulo oyendetsera mipingo. Ena amati Arius anali Msilamu wa nthawi imeneyo. Tisafulumire. Inde, iye anakana kuti Isa (AS) ndi wofanana ndi Mulungu, koma ankamutchabe Mwana, ndiponso ankakhulupirira kuti analengedwa dziko lisanakhalepo ndi kuti zolengedwa zina zonse zinalengedwa kudzera mwa iye. Tawhid yathu siili choncho. Kwa ife Isa (AS) ndi kapolo wa Allah ndi Mtumiki wake, wobadwa mozizwitsa kwa mayi woyera Maryam popanda bambo, ndipo sanalenge dziko. Mnyamata akaimirira pagulu ndi nkhani yopeka, Mkhristu wophunzira amamugonjetsa mosavuta, ndipo chimanyozeka ndi Chisilamu chimene amati akuchiteteza.

Chimene tinganene mosaopa n'chakuti Akhristu oyambirira sanali pa mawu amodzi za Isa (AS), ndi kuti mawu a chikhulupiriro amene mipingo yambiri imanena lero anakhazikika patapita zaka zoposa 300, mafumu atalowererapo. Akhristu amayankha kuti misonkhanoyo inangofotokoza zimene iwo ankakhulupirira kale. Ife sitigwirizana nawo, koma yankho lawolo tiyenera kulidziwa ndi kulinena monga momwe eni ake amalinenera, pakuti ambiri a iwo ndi amalume athu, alamu athu ndi anzathu okoka nawo khoka limodzi.

Kugawikana kwina kunadza mu 451 ku Chalcedon, pamene mipingo ya ku Egypt ndi ku Ethiopia inapatukana ndi ya ku Rome ndi Constantinople pa funso la momwe umulungu ndi umunthu zilili mwa Isa (AS). Dziko la Habasha, kumene Mtumiki (SAW) anatumiza Maswahaba ozunzika cha m'ma 615, linali la Akhristu a mbali imeneyi. Nthumwi za Aquraish, mmodzi mwa iwo Amr ibn al-As, zinayesa kuwadanitsa ndi mfumu Najashi pa nkhani yomweyi ya Isa (AS). Ja'far ibn Abi Talib (RA), amene anali atawerenga kale gawo la Surah Maryam pamaso pa mfumuyo ndi ansembe ake, sanabise chikhulupiriro chake ndiponso sanatukwane cha eni dziko. Najashi anabweza mphatso za Aquraish, nakana kupereka alendo ake m'manja mwawo.