Galimoto ya Pamudzi Ndi Ambulansi: M'buti Mwanu Muli Chiyani?

Kuno ku Kachebere, munthu akagula galimoto sakhala kuti wagulira banja lake lokha. Mwana akakomoka ndi malungo pakati pa usiku, anthu amakagogoda kwa mwini galimoto. Ifenso a gulu la zaumoyo tinagogodapo usiku wina mu February, mvula ikuwaza, tili ndi mayi wapakati amene matenda anali atamuyamba. Tisanafike pa tala, tayala lakumbuyo linaphulika. Sipeya analimo, koma wopanda mpweya. Jeke anali atabwerekedwa. Tinaunikira ndi foni mpaka batire linatha. Mayiyo anakafika ku chipatala cha boma ku Mchinji pa njinga yamoto ya kabaza, ndipo anachira bwino, koma ife manyazi sanatichoke msanga.

Choncho tiyambire pa tayala. Sipeya muzimuyeza mpweya mwezi uliwonse, chifukwa amaphwa ali chikhalire. Jeke ndi sipanala ya mawilo zisamabwerekedwe, ngakhale kwa mlamu. Onjezani kathabwa kokhuthala koika pansi pa jeke, poti m'matope jeke amangomira. Kuyambira December mpaka March, khasu ndi chingwe cholimba zimapulumutsa ulendo m'misewu yathu yafumbi. Tochi ikhale yakeyake, kuti foni itsale yoimbira.

Pamsewu wa M12 pamadutsa malole akuluakulu a pakati pa Lilongwe ndi chipata cha Mwami. Galimoto ikafera pamenepo, ambirife timathyola nthambi n'kuyala pamsewu. Usiku dalaivala wa lole saziona nthambizo mpaka atafika pafupi. Matrayango awiri onyezimira, lina kutsogolo lina kumbuyo chapatali, amaoneka msanga. Anthu onse atsike n'kukaima kutali ndi msewu. Kachozimitsira moto nakonso kakhale pofikirika, osati kunsi kwa matumba a chimanga.

Kabokosi ka chithandizo choyamba sikalira ndalama zambiri: magolovesi, mabandeji, thonje, pulasitala, sizasi, sopo ndi mapaketi a Thanzi. Magolovesi amateteza inu ndi wovulalayo, chifukwa simudziwa magazi a munthu amene mwamupeza pangozi. Bala likamatuluka magazi, kanikizani mwamphamvu ndi nsalu yoyera. Ikanyowa musaichotse, sanjikizani ina pamwamba. Musathirepo dothi kapena mafuta a mabuleki, monga timaonera ena akuchita. Wodandaula khosi kapena msana musamukoke mwachisawawa, pokhapokha ngati pali moto.

Chitenje timachipeputsa, komatu m'bokosi monsemo palibe chochiposa ntchito. Chimamanga bala, chimakoleka mkono wothyoka, chimatchinga mayi amene wachirira panjira, chimafunditsa khanda. Ikani ziwiri zochapa bwino m'jumbo. Bulangeti likhalemonso, poti mphepo ya June ndi July kuno simasewera.

Madzi akumwa akhale malita 5 m'chigubu chotseka bwino, ndipo muziwasintha sabata iliyonse. Mwana akayamba kutsegula m'mimba panjira, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi, muzimumwetsa pang'onopang'ono. Mtedza wokazinga, umene Mchinji sausowa, umagwira m'mimba kuposa zakumwa zotsekemera. Koma wodwala shuga amene amamwa mankhwala kapena kubaya jakisoni asasowe timasuwiti kapena shuga pang'ono, chifukwa chakudya chikachedwa amatha kunjenjemera, kutuluka thukuta mpaka kukomoka.

Zina siziyenera kugonera m'galimoto. Mankhwala amaonongeka ndi kutentha kwa mu October galimoto ikakhala padzuwa, makamaka insulini. Yendani nawo m'chikwama n'kutsika nawo. Petulo wa m'chigubu ndiye tikukana kotheratu. Tikudziwa kuti mafuta akamasowa mtima umafuna kusunga, koma mpweya wake umapweteketsa mutu ndipo kamoto kochepa kamayatsa galimoto yonse. Ndi bwino thanki isamatsike kupitirira kota.

Owolokera ku Chipata kapena ku chipatala cha Mwami Adventist asaiwale mapepala a paulendo, a galimoto, Yellow Card ya COMESA ndi buku la kuchipatala la wodwalayo. Manambala a foni a makaniko, a wachibale ndi a wakabaza wodalirika alembedwe papepala, likhale pamodzi ndi laisensi. Usiku uja nambala ya wakabaza inatsala m'foni yozima, ndipo mnyamata wina anachita kuthamanga m'matope kukamudzutsa.