Mabisiketi a apozi opanda tirigu: njira ya ku Japan imene ikutheka ndi mpunga wa ku Entre Lagos

Mpunga ukapunthidwa m'zigayo za ku Entre Lagos, Cuamba ndi Mandimba, gawo lina limatuluka losweka. Ogula amaunyoza mpunga woterewu, umene pa Chipwitikizi amautcha trinca, ndipo mlimi amaugulitsa motchipa kapena kuusungira phala ndi nkhuku. Koma mpunga woswekawo ukasinjidwa n'kukhala ufa wosalala, umatha kupanga mabisiketi a apozi, kapena kuti bolacha za maçã, opanda tirigu ngakhale pang'ono, monga amachitira ku Japan. Zofunikira zake zambiri zimapezeka m'midzi ya pakati pa nyanja za Chilwa ndi Chiuta, ndipo amene alibe uvuni wamagetsi angaphike ndi poto komanso makala.

Dzina la Japan si lachilendo kwa alimi a kumwera kwa Niassa, omwe akukumbukira mkangano wa ProSavana, ndondomeko ya ulimi imene inathetsedwa mu 2020. Nkhani ya ufa wa mpunga ndi ina. Mu 1962 munthu mmodzi ku Japan ankadya mpunga wokwana makilogalamu pafupifupi 118 pachaka, koma lero sadya ngakhale theka la pamenepo. Mpunga unayamba kutsala m'nkhokwe pamene tirigu wambiri wa buledi ankagulidwa kunja. Mu 2008 chigawo cha Niigata, chimene chimalima mpunga wochuluka, chinayambitsa kampeni yotchedwa R10, yolimbikitsa kuti pa magawo 10 aliwonse a ufa wa tirigu, limodzi lizilowedwa m'malo ndi ufa wa mpunga. Ufa umenewu amautcha komeko. Apozi nayenso ndi chipatso chawo: chigawo cha Aomori chimalima oposa theka la apozi onse a m'dzikomo, ndipo mtundu wotchuka wa Fuji unabadwira komweko.

Vuto la tirigu nalo likufanana. Mozambique imalima tirigu wochepa kwambiri, makamaka ku Tsangano m'chigawo cha Tete. Pafupifupi wina yense amabwera pa sitima zapamadzi kudzera m'madoko monga Nacala, ndipo mtengo wake umasankhidwa ndi zochitika za kutali. Mu September 2010 kukwera kwa mtengo wa buledi kunali chimodzi mwa zinthu zimene zinatulutsira anthu m'misewu ya Maputo, ndipo mu 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine inakwezanso mtengo wa tirigu padziko lonse. Mayi wophika mandasi pa siteshoni ya Entre Lagos amalipira zonsezi, kuphatikizapo mtunda wochokera kunyanja.

Chimene chimapangitsa ufa wa tirigu kukhala wosiyana ndi ufa wina ndi gluteni. Awa ndi mapuloteni amene amapezeka mu tirigu, balere ndi mbewu ina yotchedwa centeio pa Chipwitikizi. Ufa wa tirigu ukathiridwa madzi n'kukandidwa, gluteni amalukana ngati ukonde, n'chifukwa chake ufa wa mandasi umatamuka ndipo umasunga mpweya n'kufufuma. Chimanga, mpunga, chinangwa, mapira, mawere, mbatata, nyemba ndi mtedza zilibe gluteni. Kunena kwina, nsima, kondowole ndi phala la mawere ndi zakudya zopanda gluteni kuyambira kalekale. Iye amalowa m'nyumba kudzera mu buledi, mandasi, sipageti, mabisiketi a m'sitolo ndi mowa wa m'mabotolo wofululidwa ndi balere.

Kwa anthu ambiri gluteni alibe vuto lililonse, ndipo bisiketi yopanda tirigu si mankhwala a shuga kapena ochepetsera thupi: majarini ndi shuga zilimo monga mu bisiketi ina iliyonse. Koma pali matenda otchedwa doença celíaca pa Chipwitikizi, amene akuyerekezedwa kuti amagwira munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 100 padziko lonse. Wodwalayo akadya gluteni, chitetezo cha thupi lake chimawononga mkati mwa matumbo aang'ono, ndipo chakudya chimangodutsa osalowa bwino m'thupi. Mwana amatsekula m'mimba nthawi yaitali, mimba imatupa, magazi amachepa ndipo sikelo siikwera. Dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke, ndiye anatsimikiza kuti gwero lake ndi tirigu: pa njala ya mu 1944 ndi 1945, buledi atasowa, ana odwala matendawa anayamba kupeza bwino, ndipo buledi atabwerera anadwalanso.

Zizindikiro zimenezi zimafanana kwambiri ndi za njoka za m'mimba ndi kunyentchera, choncho kholo siliyenera kugamula lokha. Poyambira ndi pachipatala chapafupi, ndipo azaumoyo ndiwo anganene ngati mwana akufunika kutumizidwa ku Cuamba, Lichinga kapena Nampula. Pali chinthu chimodzi chimene ambiri sachidziwa: munthu akasiya tirigu asanayezedwe, zotsatira za magazi zimatha kusonyeza kuti alibe matendawa pamene ali nawo.

Pophika, kusowa kwa gluteni kuli ndi ubwino ndi kuipa kwake. Ubwino ndi wakuti ufa wa mpunga sulimba ngakhale ukandidwe nthawi yaitali, ndipo bisiketi imatuluka yopepuka, yophwanyika bwino pakamwa. Kuipa ndi kwakuti palibe chogwirizanitsa ufawo, moti wophika akangosintha tirigu n'kuika mpunga osasintha china, amatulutsa zinyenyeswazi. Ku Japan amathetsa vutoli posakaniza ufa wa mpunga ndi sitachi, kawirikawiri wa mbatatesi, komanso ufa wa amondi kapena kinako, umene ndi ufa wa soya wokazinga. Kuno sitachi wa chinangwa amagwira ntchito yomweyo, ndipo nsinjiro za mtedza wokazinga zimalowa m'malo mwa amondi popanda kuchita manyazi.

Ntchito yaikulu ili pa ufa. Ufa wa mpunga wogaya mwachisawawa umamveka ngati mchenga m'kamwa, ndipo palibe shuga kapena dzira limene lingabise zimenezi. Wophika amapeta mpunga woswekawo, amautsuka, n'kuuviika m'madzi maola anayi kapena kupitirirapo. Akauvuula amauyanika pansalu yoyera mpaka kunja kuume koma mkati mukadali mofewa, moti kambewu kamafumbutuka akakatsina ndi zikhadabo. Pamenepo ndipo amasinja mumtondo, kusefa ndi sefa ya maso aang'ono, kubwezera zotsalira mumtondo, n'kusefanso. Ufawo auyanike padzuwa mpaka uumiretu, apo ayi umachita nkhungu. Woyenera ndi umene umaterera pakati pa zala ngati ufa woyera wa chimanga chokonola.

Sitachi wa chinangwa amapangidwa posenda chinangwa chachiwisi, kuchisinja kapena kuchipala, kuchisakaniza ndi madzi n'kufinya pansalu. Madzi oyera ngati mkaka amene atuluka amawasiya adikhe, ndipo sitachi amakhazikika pansi. Madzi apamwamba amatayidwa, amathiramo ena n'kutayanso kawiri kapena katatu, kenako sitachiyo amayanikidwa. Kutsukaku si mwambo chabe. Chinangwa, makamaka chowawa, chili ndi poizoni amene amachoka ndi madziwo, ndipo mu 1981 anthu oposa 1,000 analumala miyendo m'chigawo cha Nampula chifukwa chodya chinangwa chowawa chosakonzedwa bwino pa nthawi ya chilala. Madzi otayidwawo asasiyidwe pamene ana kapena ziweto zingamwe. Kondowole wovunditsa sangalowe m'malo mwa sitachi, chifukwa fungo lake limaposa la apozi.

Pa mabisiketi pafupifupi 20 pamafunika ufa wa mpunga magalamu 150, womwe ndi pafupifupi kapu imodzi yaikulu, sitachi magalamu 50 kapena masupuni aakulu 6, ndi nsinjiro masupuni 3. Mtedza wake ukhale wosankhidwa bwino, wopanda chuku. Majarini ndi magalamu 80, shuga masupuni 4, dzira limodzi, mchere wotsina, ndi theka la supuni yaing'ono ya fermento wa makeke, osati yisiti ya buledi. Apozi ndi mmodzi yekha. Shuga akuoneka wochepa kwa amene anazolowera mabisiketi a m'paketi, koma kakomedwe ka ku Japan n'komweko: chipatso chimveke patsogolo, shuga pambuyo.

Apozi ndiye amagwetsa ophika ambiri. Pa magawo 100 a chipatsochi, pafupifupi 85 ndi madzi. Akaikidwa wamuwisi, madziwo amatulukira mu bisiketi ili pamoto, ndipo imapsa kunja mkati muli chinyezi. Choncho wophika amasenda apoziyo, amamudula tizidutswa tating'ono ngati njere za chimanga, n'kumuphika pamoto wochepa ndi supuni imodzi ya shuga wochotsedwa pa uja ndi madontho a mandimu. Mandimuwo amateteza kuti asade komanso amawonjezera kuwawasa. Pakatha mphindi 8 mpaka 10 madzi amakhala atauma ndipo tizidutswato timaoneka tonyezimira. Wofuna canela amathira pamenepa. Apoziyo azizire kaye, chifukwa wotentha amasungunula majarini.

Kenako majarini ndi shuga wotsala zimatakasidwa ndi mthiko mpaka zifewe, dzira limalowa, ndipo ufa, sitachi, nsinjiro, mchere ndi fermento, zosefedwa pamodzi, zimathiridwa pang'onopang'ono. Apozi amalowa pomaliza. Ufa wokandawo umafunika kuupumitsa mphindi 30 utavundikiridwa, chifukwa mpunga umamwa chinyezi mochedwa kusiyana ndi tirigu, ndipo kudikira kumeneku kumachepetsa kukhakhala kuja. Ku Massangulo, m'boma la Ngauma, kumene kumazizirako, mbale ingangokhala pamthunzi. Ku Cuamba ndi Entre Lagos mu October ndi November majarini amasungunuka msanga, ndiye ndi bwino kukhazika mbaleyo m'beseni la madzi a mumtsuko, kapena kuphika mbandakucha. Ufa ukakana kugwirana amawonjezera supuni ya mkaka kapena madzi, ukamata m'manja amawonjezera sitachi pang'ono.

Timipira tofanana ndi dzira la nkhunda timaphwathalitsidwa ndi chikhatho kapena foloko kuti makulidwe ake asapitirire sentimita imodzi. Mu uvuni zimapsa pa madigiri 170 kwa mphindi 18 mpaka 20. Pambaula njira yake ndi ya chigumu ija, koma moto wake uchepe. Mupoto wamkulu amaika mchenga wouma wokwana zala zitatu, pamwamba pake mbale yachitsulo yopaka mafuta, n'kuvundikira ndi chitsulo chokhala ndi makala. Makala ambiri akhale pamwamba, pansi ochepa. Potoyo atenthe kaye mphindi 10 kapena 15. Poyesa moto amawaza ufa pang'ono pambale: ukada nthawi yomweyo, moto wachuluka, ukamafiira pang'onopang'ono, wakwana. Mabisiketi a mpunga sapsa mofiira ngati a tirigu, ndiye wodikira kuti pamwamba pafiire amapsereza pansi. Chizindikiro ndi m'mphepete ndi kunsi. Akachotsedwa pamoto amakhala ofewa ndipo amasweka akagwidwa, koma amalimba okha akazizirira pambale pomwepo.

Apozi ambiri a m'misika amachokera ku South Africa ndipo si otchipa, koma mmodzi akukwanira mbale yonse. Pa nyengo ya mango, mango yosapsetsa yophikidwa mofanana imapereka kuwawasa kumene sikuchepera kwa apozi, ndipo nanazi nachonso chimatheka ngati madzi ake aumitsidwa bwino.

Ngati mabisiketiwa akuphikidwira munthu amene madokotala amupeza ndi matenda aja, ukhondo wake ndi wa mtundu wina. Muyezo wa bungwe la Codex Alimentarius umati chakudya chotchedwa chopanda gluteni chisapitirire mamiligalamu 20 a gluteni pa kilogalamu imodzi. Ufa wa tirigu wongotsina ndi zala ziwiri ukagwera mu kilogalamu ya ufa wa mpunga, malire amenewa angathe kupyoledwa. Sefa, mthiko, lichero ndi thebulo zimene zinakhudza ufa wa mandasi zimasunga tirigu m'ming'alu, ndipo thumba limene munali ufa wa tirigu silingasungire ufa wa mpunga. Fermento wina amasakanizidwa ndi sitachi wa tirigu, choncho paketi iwerengedwe, makamaka pamene palembedwa mawu akuti trigo kapena glúten. Wogulitsa pamsika amene amaphikira mandasi ndi mabisiketi amenewa pa ziwiya zomwezo anganene kuti ndi a mpunga, koma asalonjeze kholo la mwana wodwala kuti mulibe gluteni.

Chifukwa cha chipatso chimene chili mkati, mabisiketiwa sakhalitsa ngati a m'sitolo. M'chitini chotseka bwino amatha masiku atatu, ndipo nyengo ya mvula amafewa tsiku lachiwiri. Akafewa asanachite nkhungu, kuwabwezera mupoto wotentha kwa mphindi zisanu kumawaumitsanso. Wofuna kuwatengera ku msika wa Mandimba kapena kukagulitsa kwa apaulendo pa siteshoni ya Cuamba aphike usiku wa dzulo lake, ndipo awalongedze atazizira kotheratu, chifukwa nthunzi yotsekeredwa m'pulasitiki imawanyowetsa asanafike n'komwe.