Anasiya swala kalekale: kodi njira yobwerera ku mzikiti ilipo?

MANDIMBA — Lachisanu lililonse dzuwa likangopendeka, mawu a azana amamveka kuitana anthu ku swala ya Ijuma. Amuna a mikanjo ndi makofiya amatsamiritsa njinga pamtengo, kuvula nsapato ndi kulowa mu mzikiti. Koma alipo ena otsala pamsika kapena pa baraka la kabanga. Mayina awo ndi a Chisilamu. Anavinidwa ku jando. Akadzamwalira, abale adzawasambitsa ndi kuwakulunga mu sanda. Komabe patha zaka asanagunditse chipumi pansi.

Nkhaniyi inayambira patali. Chisilamu chinafika kuno ndi amalonda a kugombe, ndipo mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mataka anachilandira chaka cha 1900 chisanakwane. Lero anthu oposa theka m'chigawo cha Niassa ndi Asilamu. Koma dziko litalandira ufulu mu 1975, boma linapanikiza zipembedzo kwa zaka zingapo, ndipo madrasa ambiri anaima. Kenaka kunabwera nkhondo. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Pamene malamulo a 1990 anatsimikiza ufulu wa chipembedzo, ndi mtendere kusainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mbadwo wathunthu unali utakula osakhalapo pamphasa ya mwalimu.

Anthu amenewa lero ndi abambo ndi agogo. Ambiri sanamukane Mulungu. Chowatsekereza panja ndi mafunso amene amachita manyazi kufunsa pagulu, ndipo mafunsowo ali ndi mayankho m'chiphunzitso cha Chisilamu chomwe.

Funso loyamba ndi la machimo. Wina anamwa kachasu zaka makumi awiri. Wina anadya nkhumba nthawi ya njala. Wina anagwira mfuti, ndipo zimene anachita kutchire sanauzepo ngakhale mkazi wake. Onsewa amadziona odetsedwa. Mashehe amayankha ndi mbiri ya Wahshi, munthu amene anapha Hamza, bambo wamng'ono wa Mtumiki Muhammad, pa nkhondo ya Uhud m'chaka cha 625. Patapita zaka Wahshi analowa Chisilamu, ndipo analandiridwa. Za nkhumba, Korani payokha imamasula munthu amene wadya choletsedwa chifukwa cha njala yoopsa. Za mowa, chiletso chake chinatsika pang'onopang'ono ku Madina, chifukwa ena mwa Asilamu oyambirira anali akumwa.

Kulapa, kumene Asilamu amati toba, sikulira ndalama kapena mkhalapakati. Munthu amasiya choipacho, kumva nacho chisoni, ndi kutsimikiza mumtima kuti sadzabwerezanso. Pali chinthu chimodzi chimene sichikhululukidwa ndi misozi yokha: ngati analanda munda, mbuzi kapena ndalama za mnzake, ayenera kubweza kapena kukapepesa kwa mwiniwake.

Funso lachiwiri ndi la Chiarabu. Bambo wa imvi safuna kusekedwa ndi ana a madrasa polephera kutchula mawu. Koma sura yofunika pa swala iliyonse, Al-Fatiha, ili ndi ndime 7 zokha, ndipo munthu angathe kuiloweza pomvetsera. Oswali pambuyo pa imamu amaphunzira poona anzawo pamzere. M'mabuku a hadisi a Bukhari ndi Muslim mulinso chiphunzitso chakuti wowerenga Korani movutikira amalandira mphoto kawiri. Ndipo dua, pempho la munthu kwa Mulungu wake, imamveka m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'Chimakuwa momwe.

Funso lachitatu ndi lowawa kwambiri. Kuyambira pa 5 Okutobala 2017, pamene zigawenga zinaukira Mocímboa da Praia, anthu a ku Cabo Delgado aona mitu ikudulidwa ndi anthu otchula dzina la Mulungu. Kumapeto kwa 2021 chiwawacho chinafika m'boma la Mecula, kuno ku Niassa. Ena amafunsa: ngati Chisilamu ndi chimenechi, tibwererenji? Koma ambiri mwa ophedwa ndi othawa kwawo m'midzi ya kugombe ndi Asilamu omwe. Atsogoleri a mizikiti ya kumeneko anachenjeza boma za gululi nkhondo isanayambe, ndipo Conselho Islâmico de Moçambique inadzudzula zochita zake. Sura ya 5 ya Korani imalemeretsa moyo wa munthu mmodzi wosalakwa mofanana ndi wa anthu onse.

Funso lachinayi limachokera m'mudzi momwemo. Pamaliro, a Kadiriya amanyamula jeneza ndi zikiri, pamene a sukuti amati maliro ayende mwakachetechete. Mkangano wa sadaka ya masiku 40 wagawanitsa mabanja, ndipo midzi ina ili ndi mizikiti iwiri yoyang'anizana. Wofuna kubwerera amasowa khomo lolowera. Apa mlandu uli kwa oswali, osati kwa otsala panja. Komabe magulu onse awiri amayang'ana ku Makka, amaswali kasanu patsiku, amamanga Ramadani imodzi ndipo amawerenga Korani imodzi. Zimene amagwirizana ndi zomwe munthu wobwerera amayambira.

Nanga kuyamba kwake n'kotani? Kumafuna madzi a m'chikho ndi malo oyera. Munthu amasamba thupi lonse, kenaka kuchita udhu: manja, m'kamwa, m'mphuno, nkhope, mikono mpaka m'zigongono, kupaka madzi kumutu ndi m'makutu, ndi kutsuka mapazi mpaka m'akakolo. Akhoza kuyamba ndi swala ya m'mamawa kunyumba kwake, popanda womuona. Swala zimene anaphonya, chiphunzitso cha Imamu Shafi'i chimene ambiri amatsata kuno chimati azibweze, ndipo aphunzitsi amalangiza kuwonjezera imodzi pambuyo pa swala iliyonse. Amayi amene anasiya chifukwa cha ukwati kapena ntchito za pakhomo amatsata njira yomweyo.

Palibe lamulo la dziko lokakamiza munthu kupemphera, ndipo Korani nayo, m'sura ya 2, imakana kukakamiza anthu pa chipembedzo. Chotero kuitana kumeneku sikungayende ndi ndodo kapena chitonzo. Kumayenda bwino pamene mlamu adutsira mlamu wake Lachisanu m'mawa ndi kumubwereka kofiya, ndi pamene akulu a mzikiti aleka kuwerengera wobwerayo zaka zimene anasowa.

Lachisanu likudzali azana idzamvekanso pamsika. Amene adzalowe patapita zaka makumi atatu sadzapeza kaundula pakhomo. Adzapeza ndowa ya madzi, malo osiyapo nsapato, ndi mpata pamzere pakati pa anthu amene anakula nawo.