Kusaka nyumba ku Neno uli ndi galu

Kalata yondisamutsira ku Neno itafika, anzanga a kuntchito ku Blantyre adandifunsa za msewu, magetsi ndi netiweki ya foni. Palibe adafunsa za Kaphulusa, galu wathu wa zaka 5 yemwe adakulira limodzi ndi mwana wanga womaliza. Mlamu wanga adangoti: "Musiyireni amene alowe m'nyumbamu. Galu amatsata nsima, satsata munthu."

Ndidakana. Agalu ena omwe timawaona akufwanthula zinyalala m'misika adali ndi eniake, koma adasiyidwa motere tsiku losamuka. Choncho Kaphulusa adakwera nafe lole, pakati pa matilesi ndi matumba a chimanga.

Tidaoloka Shire pa Zalewa dzuwa likuswa mtengo, galu ali wefuwefu, lilime panja. Titasiya tala n'kuyamba kukwera zitunda zopita kuboma, mphepo idasintha. Pofika n'kuti kutada ndipo kukuzizira.

Vuto lidayambira pamalo ogona alendo. Poyamba adatikaniratu. Pachiwiri mnyamata wolandira alendo adayang'ana galuyo, n'kuyang'ana ine.

"Bambo, chipinda chilipo, koma awawa ndiye ayi. Abwana sadanenepo za agalu."

Sadakane chifukwa cha lamulo, koma chifukwa lamulolo kulibe. Adatipulumutsa ndi mlonda wachikulire yemwe adalola kuti timumange pakhonde lakuseri, pafupi ndi mbaula yake. Usiku umenewo ndidadzuka katatu kukamuona.

M'mawa mwake ndidayamba kusaka nyumba ya lendi, ndipo ndidaona zitatu.

Yoyamba idali yotchipa, pamdadada wa mabanja anayi, bwalo limodzi, bafa limodzi. Ana ang'onoang'ono ankasewera pabwalopo ndipo thadzi linkayenda ndi anapiye ake. Ndidawerengera ndekha: mwanapiye mmodzi akasowa, woganiziridwa ndi galu wa mlendo. Mwana akamukoka mchira iye n'kumuluma, nkhani ithera kwa amfumu kapena kupolisi. Ndalama yomwe ndikadapulumutsa pa lendi ikadathera chindapusa.

Yachiwiri idali yokongola, payokha, kumapeto kwa mudzi, moyang'anana ndi phiri. Koma idalibe mpanda, tchire lidafika pakhomo penipeni ndipo mbuzi za anthu zinkadya chapomwepo. Galu wa m'tauni sadziwa kuti mbuzi ili ndi mwini. Komanso malo otere usiku mumayenda afisi, nkhandwe ndi agalu osowa mbuyawo.

Yachitatu idali yokwererako mtengo, yakale, koma yokhala ndi mpanda wa udzu ndi mtengo wa mango pabwalo. Eni ake, mayi achikulire, sadayambe ndi nkhani ya ndalama.

"Mwanawe, galu wakoyu adabayidwa?"

Ndidatulutsa khadi la katemera lomwe a zaziweto adandipatsa. Mayiwo adaitana mdzukulu wawo kuti awawerengere deti. Atakhutira adandiuza chifukwa chake: mwana wa m'banja lawo adalumidwapo ndi galu wosadziwika, ndipo adavutika kuyenda naye maulendo angapo kuchipatala kukabayitsa, nyengo yamvula, msewu uli matope okhaokha. Mwanayo adapulumuka, koma mayiwo adalumbira kuti pamalo pawo sipadzakhala galu wopanda khadi.

Mayiwa sadalakwe. Chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro mwa munthu, kuchira kulibe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, makamaka mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amawatenga kwa agalu. Ambiri mwa iwo ndi ana. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse a m'dera akabayidwa katemera, matendawa amasiya kufala. Imeneyi ndiyo ntchito yomwe bungwe la Mission Rabies lidayamba mumzinda wa Blantyre m'chaka cha 2015. Munthu akalumidwa, asambitse balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako athamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Ku Neno mawu oti "kuthamangira" ndi olemera. Bomali, lomwe lidapatukana ndi Mwanza m'chaka cha 2003, lili ndi chipatala chachikulu paboma ndi china ku Lisungwi, ndipo bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likuthandiza kuno kuyambira 2007. Komabe munthu wa kumapiri a kwa Dambe amadziwa kuti mvula ikagwa, ulendo wa ola limodzi umasanduka wa tsiku lonse. Kumalo kotere, katemera wa galu ndi wotchipa kuposa njinga ya kabaza yonyamula mwana wolumidwa.

Funso la mayi aja si lachilendo kunja kuno. Ku Japan, lamulo la m'chaka cha 1950 limakakamiza mwini galu kumulembetsa ndi kumubayitsa katemera wa chiwewe chaka chilichonse, ndipo dzikolo lidathana ndi matendawa pofika 1957. M'matauni a kumapiri monga Karuizawa muli malo ogona omwe amalandira alendo ndi agalu awo. Amaneneratu zonse: onetsani chiphaso cha katemera, lipirani kangachepe kowonjezera, galu asakwere pabedi, asalowe modyera. Ife sitingafanane nawo pachuma, koma kulemba malamulo anayi papepala n'kumata pakhomo sikulira ndalama.

Kwa amene mukubwera kuno ndi chiweto chanu, dziwani kuti Neno ndi ziwiri. Kumunsi, monga ku Zalewa, Lisungwi ndi Matope, n'kotentha kwambiri, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Kumeneko yang'anani kaye mthunzi ndi madzi. Galu womangidwa padzuwa masana onse atha kufa. Kumtunda, monga ku Nsambe ndi Matandani, komwe amalima mbatata ya kachewere ndi tirigu, mu Juni ndi Julaye kumazizira zedi. Galu amafunika khola louma, lotchinga mphepo, ndi chiguduli chogonera. Konseko kuli ng'ombe ndi mbuzi, choncho nkhupakupa sizisowa. Funsani alangizi a ziweto za mankhwala osambitsira.

Musabise galu pokambirana za nyumba. Safunsa adadya phula. Funsani eninyumba ngati akulola, funsani ngati oyandikana nawo ali ndi nkhuku kapena ana okwawa, yenderani mpanda wonse kuona mipata. Mukalowa, kadzionetseni kwa anansi muli ndi galuyo pachingwe, kuti amudziwe. Ndipo ngati ulendo ukufuna kugona panjira, imbani foni kumalo ogonako musadanyamuke, osati kukagogoda usiku monga ndidachitira ine.

Kwa eni malo ogona alendo ndi eninyumba, pempho langa ndi lakuti musamangoti "ayi". Mukakana galu wa katemera, mwini wake amakamutaya kumsika, komwe amakasakanikirana ndi agalu osabayidwa n'kukhala chiopsezo kwa ana anu omwe. Funsani khadi, ikani malamulo anu, ndipo wophwanya alipire.

Ndidatenga nyumba yachitatu ija. Lendi yake imandipweteka pakutha pa mwezi, sindinama. Koma chaka chatha tsopano popanda mlandu wa nkhuku ngakhale umodzi. Mwezi watha, deti ya katemera itayandikira, amene adandikumbutsa ndi mayi aja. Adaima pampanda m'mamawa n'kuitana: "Bambo a Kaphulusa, khadi lija mwaliyang'ana?"